Dziko la Miyezi Iwiri Linali Pakhoma Langa

Zinayamba ndi kuzizidwa masana dzuwa likuswa mtengo, ndikupalira chimanga kwathu kwa Nazombe, dzinja la 1954. Ndinali ndi pathupi pa miyezi isanu ndi umodzi, mimba yanga yoyamba. Pofika madzulo mutu unkangoti waliwali, ndipo chilichonse chimene ndadya chinkabwerera.

Amuna anga anali ku Joni. Pa ulendo wawo woyamba anandibweretsera timabuku ta zithunzi, tonena za munthu amene akagona ankadzukira kudziko lina. Chingerezi sindinkachidziwa, koma zithunzizo zinandilowa mumtima: miyezi iwiri kumwamba, nyumba zoyandama m'mitambo, anthu obiriwira a maso atatu. Ndinathothola masamba ena n'kuwamata ndi phala pakhoma la kuchipinda, kumene sikunkalowa mlendo.

Thupi litatentha kwambiri ndinayamba kubwebweta, ndipo zimene ndinkaona ndi zomwezo. Ndinkanena kuti anthu obiriwira akundiitana kuti ndikwere ku mwezi wachiwiri. Amalume, eni mbumba, atamva anagamula pomwepo kuti awa si matenda, koma mizimu ya m'phiri la Michesi yanditenga kukandionetsa kwawo. Anandinyamula n'kukandigoneka kunyumba kwawo.

Anthu anayamba kubwera ngati kuli msika. Mayi wina wamasiye anagwada pamutu panga kufunsa ngati amuna ake ndawaona kumeneko. Ine ndikubuula, milomo itang'ambika ndi ludzu, amalume ali kalikiliki kumasulira. Mpaka lero ndikakumbukira ndimapsa mtima. Munthu ndikufa, iwo akusangalala kuti mudzi wonse wadziwa khomo lawo.

Amayi atatchula za chipatala, amalume anati, "Mlongo, jakisoni akangolowa, mizimu imutsekera komweko. Mukufuna mwanayu abwerere kapena ayi?" Amayi anachita mantha. Sabata inatha choncho.

Tsiku lina amayi anapita kunyumba kwanga kukanditengera nsalu yosintha. Atalowa kuchipinda anaona khoma lija. Anakanganula tsamba limodzi n'kukaliponya pamiyendo pa amalume, anthu akuona.

"Achimwene, mizimu yanu ija ndi iyi. Anaimata ndi phala."

Tsiku lomwelo anandinyamula pa machira kupita kuchipatala cha mishoni. Tinadikira pakhonde mpaka dzuwa kupendeka, chifukwa odwala anali ambiri. Ananditenga magazi pachala. Asisitere anangoti, "Ndi malungo, ndipo afika kumutu. Munali kuti masiku onsewa?"

Anayamba kundibaya kwinini. M'makutu munkalira ngati muli nyenje. M'mawa uliwonse namwino ankandiyeza kutentha kwa thupi, kundimwetsa mankhwala owawa, kenaka n'kuika kachipangizo pamimba panga kumvetsera mwana. Dziko la miyezi iwiri lija linazimirira pang'onopang'ono, ndinayamba kuzindikira nkhope ya amayi ndi denga la malata. Koma m'mimba munali zii. M'mawa wina namwino anamvetsera nthawi yaitali, nasuntha kachipangizo kaja uku ndi uku, nanyamuka kukaitana asisitere. Ndinadziwa asanandiuze.

Anali mwana wamwamuna. Amalume anabwera kudzandiona atanyamula nthochi, n'kumauza odwala anzanga kuti mizimu yawamvera, yandibweza. Ndinatembenukira kukhoma. Mpaka anamwalira sanapepese, ndipo ine sindinawakhululukire. Timabukuto sindikwiya nato, tinali nthano chabe. Ndimakwiya ndi akuluakulu amaso awo amene anatenga kubwebweta kwa munthu wamalungo ngati uthenga.

Ndinatuluka m'chipatala chimanga chitayamba kucha, ndikuyenda ndi ndodo. Lero ndakalamba koma ndili bwino, ndimalimabe, kupatula khutu lamanzere limene silimva kwenikweni. Ndinadzabereka ana ena, onse anakula.

Wodwala akatentha thupi n'kuyamba kuona maiko achilendo, musamufunse kuti kumeneko kuli ndani. Munyamuleni tsiku lomwelo mupite naye kuchipatala, ngakhale eni mbumba akane. Ine anandinyamula mochedwa, ndipo mwana wanga anakamuika azimayi okhaokha, wopanda dzina, ine ndili chigonere.