Mailo a atate anga

Mdzukulu wanga akuti kusukulu akuwelenga za ngwazi za m'mabuku zimene zimagwa ndi khalidwe lawo lomwe. Ine sukulu ndinangoinunkhiza, koma ngwazi yotelo ndinakula nayo m'nyumba: atate anga, aMwanza!

Ku Nyampande konse kunalibe woimba ngati iwo. Akayambitsa nyimbo, ngakhale mbuzi zinkaleka kudya. Vuto lawo linali limodzi: munthu asanamalize kulankhula, iwo, "Ndidziwa kale!"

Chaka china achipani anawasankha kukatsogolela nyimbo pa tsiku la ufulu ku boma la Petauke. Atangofika kunyumba kuchokela ku Sasare, kumene anakaona mlongo wawo, amai anayamba: "Bambo, mailo lole ya chipani..."

"Ndidziwa kale! Ibwela kudzanditenga. Sita jekete!"

Amai anasita jekete lija.

Kutacha tinakakhala pamseu, iwo m'jekete lonunkha makala, ine nditakumbatila ng'oma. Dzuwa linatiwamba. Ine ndinkangomvela chisoni anthu a ku boma, poganiza kuti ufulu sungayambe atate asanafike.

Dzuwa litapendeka lole inatulukila, koma yochokela ku Petauke, yodzala fumbi ndi nyimbo. Wotsogolela nyimbozo anali aTembo, a mawu ngati chitseko chosadzozedwa.

Kunyumba atate anabangula: "Iwe mkazi, bwanji sunandiuze?"

"Ndinayamba, bambo. Paja kwathu kuno mailo ndi mawa, ndi dzulonso; amene ndinkanena ine ndi aja apita, lole inanyamula anthu inu muli ku Sasare. Koma nkhani munaimaliza ndinu."

Atate anamwalila akunenabe kuti aTembo anawalodza. Ine lelo ndakalamba, ndikuti mfiti ija inkakhala pakamwa pawo pomwe.