Dontho Loyamba Lili Kumanzere

Inu amene mumadziona ngati mutu wanu sugwira, imvani za Loice wa ku Njube, dera lina la mu Bulawayo.

M'chaka cha 1986, Loice anaima m'fakitale ina yoluka majuzi mu Bulawayo, misozi ili mbwembwembwe. Patebulo panali mulu wa majuzi a ana a sukulu, onse dzina la sukulu litalukidwa chotembenuka ngati ukuliona pagalasi. Amene analowetsa manambala mu kompyuta anali iyeyo.

"Ukalakwitsanso, ubwerera ku tsache," anatero kapitawo.

Ku tsache ndi kumene anayambira. Mayeso a Folomu 4 analephera, masamu ndiwo anamugwetsa. Ufulu utabwera, ntchito zimene kale munthu wakuda sankazilota zinayamba kutseguka, ndipo Loice anasankhidwa kukhala pa kompyuta yoyendetsa makina olukira. Tsopano mwayiwo unali kupulumuka m'manja.

Kunyumba anawauza bambo ake, a Lemson, amene anachoka ku Dedza ali mnyamata kudzagwira ntchito ya njanji.

"Ababa, mutu wangawu ndi wouma."

"Mwana wanga, ine ndinafika muno osadziwa ngakhale moni wa Chindebele woti 'salibonani'. Ndinkafunsa. Iwe wafunsa?"

Kutacha, Loice anapita kwa Simeon, amene analemba pulogalamu ya makinawo. Iyeyu anali mdzukulu wa anthu a ku Nyasalande, koma Chichewa ankachimva bwino kuposa kuchiyankhula.

Ntchito yake inali yotere. Chithunzi chinkajambulidwa ndi timadontho, takuda ndi toyera. Timadontho tisanu ndi titatu tinkasanduka zilembo ziwiri za kawerengedwe kotchedwa hekisi, ndipo pulogalamu inkathanso kubweza zilembozo kukhala chithunzi. Malangizo a Simeon ankangoti: yambani ndi dontho loyamba.

"Achimwene, dontho loyamba ndi liti?" anafunsa Loice.

"Lakumanzere, angithi, si choncho?"

"Ife oluka mzere timauwerenga kuchokera kumanja."

Simeon anagwira pakamwa. "Hawu! Sisi, simunalakwe inu. Mawu angawa ndi operewera. Ine ndimadziwa makina, inu mumadziwa anthu oluka. Tilembe limodzi!"

Loice anadabwa. Iye, wolephera masamu, alembe malangizo a kompyuta!

Sizinali zophweka. Hekisi anaiphunzira pa nthawi yopuma, anzake akumwa tiyi n'kumamuseka kuti wasanduka pulofesa. Ankajambula timabokosi, kudetsa tina, kulakwitsa, kufufuta mpaka pepala kubooka. Tsiku lina zinangotseguka. Tinayi takuda kumanzere, tinayi toyera kumanja: F0. Kutembenuza: 0F.

"Ndazimva!" anakuwa, anthu onse n'kucheuka.

Analemba malangizo atsopano, oyamba ndi mawu akuti dontho loyamba lili kumanzere, n'kuwapereka kwa Dorah, mayi amene anali asanakhudzepo kompyuta. Dorah anayenda bwino mpaka pa mzere wa timadontho khumi, pomwepo anaima.

"Nanga tiwiri totsalati ndititani?"

Loice anamva manyazi, koma sanang'ambe pepala. Anabwerera kwa Simeon, ndipo anawonjezera kuti mzere ukaperewera, udzazidwe ndi timadontho toyera kumanja, komanso kuti pobweza zilembo kukhala chithunzi munthu azitchula m'lifupi mwake. Analembanso kuti mzere wapamwamba ndiwo woyamba. Pa lamulo lililonse anaikapo chitsanzo chojambula. Mawu alionse amene Dorah anakwinyira nkhope, ankawachotsa n'kupeza ena osavuta.

Tsiku loyesa linafika. Kapitawo anapatsa Dorah chithunzi cha nkhwazi ndi malangizo aja basi, n'kuuza Loice ndi Simeon kuti asatsegule pakamwa. Dorah analowetsa zilembo, mzere umodziumodzi. Kenako anauza pulogalamu kuti ibweze chithunzi.

Nkhwazi inatulukira pa kompyuta, mlomo, mapiko, zonse m'malo mwake!

Makina anayamba kuluka, ndipo amayi a m'fakitale analulutira mpaka alonda a pageti anathamangira kudzaona. Dorah anamunyamula Loice m'mwamba. Ngakhale kapitawo uja anaseka, nati, "Tsache lipeze mwini wina."

Kuyambira pamenepo, pulogalamu iliyonse imene Simeon ankalemba inkadutsa kaye m'manja mwa Loice kuti ailembere malangizo. Anaphunzitsa amayi ambiri a ku Njube, Magwegwe ndi Tshabalala, ena m'Chindebele, ena m'Chichewa. Analembanso mayeso a masamu, ndipo anakhoza.

Mnzanga, pamene sukumva, mwina vuto si mutu wako. Mwina kufotokozako ndiko kwaperewera, ndipo amene adzakonze zimenezo ndi iweyo. Funsa, yesa, ukalakwitsa uyesenso. Usataye mtima, dzuka!