Kolala ya Achimwene

Alamu anga a Verónica amalemba bwino kuposa munthu aliyense m'mudzi mwathu, umene timati bairu, kuno kufupi ndi Domwe. Anaphunzira kwa masisitere ku Fonte Boa mpaka kalasi yachisanu ndi chimodzi, kenako bambo awo anati mwana wamkazi akadziwa kuwerenga kalata basi zakwana. Anabwerera kumunda wa kachewere. Patapita zaka zitatu anakwatiwa ndi achimwene anga a Romano, ine Paulina ndikuvina paukwatipo mpaka nsapato kuduka lamba.

A Romano nthawi imeneyo, eee, anali mwamuna. Chipwitikizi ankachiyankhula osapunthwa, ndipo akayima pamaliro kuti anene mawu, ngakhale makanda ankasiya kulira. Itafika nthawi yosankha sekeretariyo wa bairu, panalibenso zokambirana.

Kwathu kuno sekeretariyo sitisankha ndi mapepala. Ofuna mpandowo amayima pabwalo atatifulatira, ife n'kukandanda kumbuyo kwa amene tamufuna. Saloledwa kucheuka mpaka shefi wochokera ku lokalidade, ofesi ya boma ya dera lathu, atamaliza kuwerenga mitu. Ena amati n'zachikale. Ine ndimati n'zabwino, chifukwa pakamwa pamanama koma miyendo ayi.

Ulendo woyamba a Verónica ndiwo anayima oyambirira kumbuyo kwa amuna awo. Kolala ya malaya inali itapindika, iwo n'kuiwongola ndi zala ziwiri. Ulendo wachiwiri chimodzimodzi. Achimwene kolala sinawakhalirepo bwino chibadwire, khosi lawo ndi lalifupi ngati la malemu bambo athu.

Ntchito ya sekeretariyo ndi kulemba dekalarasau, kalata yochitira umboni kuti uje ndi wakuno, ng'ombe iyi ndi yake, dimba ili n'la makolo ake, n'kumenyapo chidindo chija timati kalimbu. Inanso ndi kumva milandu ya malire, ndipo vuto linali pamenepo. Munthu sapita kwa sekeretariyo chimanjamanja. Koma a Romano ndalama ankakana, nkhuku ankakana, adubu, feteleza uja, wobwera kudzagawidwa sanatapeko ngakhale chikho chimodzi. Ndiye anthu ankati, bambo abwino chonchi tiwathokoze ndi chiyani? Kabotolo ka kachasu. Wopambana mlandu ankabweretsa kothokoza, wogonja ankabweretsa koti pasakhale chidani. Zaka khumi ndi zinayi akuthokozedwa, muganize.

Tinazolowera. Tinali ndi asekeretariyo awiri m'thupi limodzi, wam'mawa ndi wamasana. Wofuna dekalarasau ankalawirira mame asanaume. A Verónica ankalemba patebulo, a Romano n'kusayina, kalimbu pha! Dzuwa likapendeka alamu ankatenga kalimbuyo n'kuimanga pansonga ya chitenje, n'kupita nayo kumunda. Pochoka kumunda ankatenga njinga kukafuna amuna awo kumene athokozedwera tsiku limenelo. Sindinawamvepo akudandaula. Ukawafunsa kuti kunyumba kuli bwanji, ankati, "Kuli momwemo."

Kuchigayo nkhani inali yomweyo chaka ndi chaka. Ena ankati mowa ndi wawo, mimba ndi yawo, inu chikukupwetekani n'chiyani? Ena ankati munthu wogona m'ngalande sangatiyimirire pamaso pa akuluakulu a ku Ulongwe. A Sesilia ankati mtsogoleri wosamwa amakhala wankhanza, koma iwo aja ndiwo amatcheza kachasuyo, ndiye umboni wawo muuyese nokha. Ine ndinkalalata. Ndinkati, mukufuna wosaledzera woti azikuberani ali maso? Mlongo wako ndi wako, ngakhale anunkhe bwanji.

Zinavuta chaka chatha. A Verónica anapita kumaliro a azakhali awo masiku atatu, kalimbu n'kuisiya pansi pa mtsamiro. Lachiwiri m'mawa a Romano analembera banja lina kuti dimba la kumtsinje ndi lawo. Lachiwiri lomwelo masana analembera banja linanso dimba lomwelo. Makalata onse awiri kalimbu yake yooneka bwinobwino, panalibe yabodza. Mabanjawo anakumana padimbapo, aliyense pepala kudzanja ili, mpini kudzanja linalo. Bambo wina anathyoka mkono, mpaka lero khasu amagwira ndi dzanja limodzi.

Mwezi womwewo achimwene maso anachita chikasu, mapazi n'kutupa. Kuchipatala anawauza mosapsatira kuti chiwindi chatopa, akapitiriza sakolola kawiri. Anasiya mowa masiku asanu ndi anayi. Tsiku lakhumi kunali mlandu wa ng'ombe yodya chimanga cha eni, ndipo unatha bwino kwambiri. Mbali zonse ziwiri zinathokoza.

Ndiye a ku lokalidade anati tisankhenso. Wopikisana ndi achimwene anali a Silvano, munthu wosamwa, wosaseka, woti ukamupatsa moni amayamba waganiza kaye. Akalemba, ngati papalasa nkhuku. Ine ndinayenda nyumba ndi nyumba kukopa anthu, ndipo amayi ambiri ankandiyankha mofanana: "Tiona kumene akayime mayi a Kondani." Ndiwo a Verónica amenewo, Kondani ndi mwana wawo woyamba. Ankati wodziwa ngati bamboyo angathebe ntchito ndi amene amamuvula nsapato. Apo mtima wanga unakhala pansi. Mayi wophunzira kumishoni angakayime kumbuyo kwa mwamuna wa mwini?

Tsikulo kunali chisanu choluma zala. A Romano anafika ali bwinobwino, osanunkha kanthu, atavala malaya oyera amene alamu anasita okha. Anayima apa, a Silvano apo, onse atatifulatira. Shefi anati, "Ndandani." Ine ndinathamangira kwa achimwene, koma kutsogolo kwanga ndinasiya malo a munthu mmodzi, poti malowo anali ndi mwini wake. Amuna anagawikana msangamsanga. Amayi anangoyima pansi pa bulugamu, ngati sanamve.

A Verónica anatuluka pagulupo pang'onopang'ono, manja ali m'chitenje. Atafika pakatikati anayima. Anayang'ana msana wa amuna awo nthawi yaitali ndithu, mpaka shefi anatsokomola. Kenako anakhotera kwa a Silvano. Amayi aja wuu, onse konko.

Ndinapsa mtima, ndinamva kutentha mpaka m'makutu. Kutsogolo kwanga malo ali pululu, ndipo kolala ya achimwene, monga mwa masiku onse, itapindika. Ndinasendera n'kuiwongola. Sanacheuke, lamulo analisunga. Anangonena chapansipansi:

"Si dzanja lake ili."

"Khalani chete, achimwene, akuwerenga."

"Usavutike, Paulina. Ine ndawerenga kale."

Anagonja moonekeratu, mzere wathu sunafike n'komwe pa bulugamu. Shefi atapempha kalimbu, a Romano anapapasa m'matumba onse, koma anali alamu amene anamasula nsonga ya chitenje n'kuipereka ndi manja awiri.

Dzuwa lisanalowe ndinawalondola kuseri kwa nyumba, mawu nditakonzeratu njira yonse. Ndinati, "Alamu, mwatichititsa manyazi. Amuna anu omwe, pamaso pa bairu yonse? Mukuti ntchito saitha?"

Anali akusenda kachewere, ndipo sanasiye. Anati, "Ntchito amaitha, alamu, m'mawa. Koma akanapambana, bwenzi pano pali mabotolo owafunira zabwino. Inu mukaika mlongo m'manda mutsala ndi ena awiri. Ine ndili ndi mmodzi yemweyu."

Mawu anga onse aja ndinabwerera nawo. Ndinalira panjira, ndipo mpaka lero sindidziwa ndinkalirira ndani.

Chaka chikukwana tsopano. Dekalarasau kwa a Silvano imatenga sabata, ndipo ukapita nayo ku Ulongwe amaitembenuza uku ndi uku kufuna kumene yayambira. Dimba a Silvano sanaperekepo kawiri, izi ndivomere. Kuchigayo akukanganabe, ena akuti tinataya munthu, ena akuti tinachedwa. A Romano palibenso wowathokoza. Amalawa apo ndi apo, ndisaname, koma maso anayera, ndipo kachewere wa chaka chino akumba okha.

Kunyumba amadyera limodzi, amakambirana za mbewu ndi za Kondani. Za tsiku lija palibe anatchulapo. Koma Lamulungu loyamba chisankho chitatha, akutuluka kupita ku Misa, alamu anatambasula dzanja kuti awongole kolala, achimwene n'kupendeketsa phewa. Chiyambire pamenepo amakonza okha, ndipo sakhoza. Lamulungu lililonse iwo amatsogola, kolala itapindika mbali imodzi, a Verónica pambuyo pawo akuiyang'ana njira yonse mpaka kutchalitchi, manja ali m'chitenje.