Thadzi la ku Milepa

Akazi anga anali oyeza madzi. Anaphunzira za sayansi mpaka ku yunivesite, koma boma linkawalemba ntchito ya kanthawi, miyezi itatuitatu, ikatha n'kumadikira kuti aitanidwenso. Ndinkawaseka kuti m'nyumba mwathu muli waganyu wa digiri, iwo n'kundibwezera kuti waganyuyo ndiye akudyetsa telala wopanda makasitomala. Sankanama. Makina anga pakhonde la sitolo pa Boma ankagona masiku ambiri.

Zinali zaka zija matipate atangoyamba kumene, kolera akuvuta dzinja lililonse. Iwo ankayenda m'midzi ndi timabotolo, kutunga madzi m'zitsime ndi m'mijigo, kukawayeza, n'kubwerera kukauza anthu ngati ali abwino kumwa. Ntchitoyo ankaikonda kuposa ine, ndipo sindinkachita nayo nsanje.

Tsiku lina anabwera kuchokera ku Milepa ndi thadzi lofiira lomanga miyendo ndi luzi. Anawapatsa ndi mayi wina amene chitsime chake chinapezeka kuti chili bwino. Kwathu kuno mlendo akalephera kudikira chakudya, umamupatsa nkhuku yamoyo kuti akadyere kwawo, ndipo kuikana n'kunyoza mwini khomo. Akazi anga anayesa kukana, koma ataona nkhope ya mayiyo anangolandira.

Wina wa ku ofesi anaiona nkhukuyo pa kaliyala wa njinga. Mpaka lero sitidziwa kuti ndani. Nkhani inakafika kwa akuluakulu kuti mayiwa amalandira ziphuphu n'kumanena kuti madzi oipa ndi abwino. Miyezi itatu ija itatha, anzawo onse anaitanidwanso, iwo ayi.

Sanalirire ntchitoyo kwenikweni. Ankangofuna kuti munthu mmodzi awakhazike pansi, awafunse, amve mbali yawo. Ankati chitsimecho sichinathawe, akuluakuluwo atumize wina akatunge madzi ayeze yekha. Ndinawasokera diresi yatsopano, ndipo m'mawa uliwonse ankaivala n'kukakhala pabenchi kunja kwa ofesi. Bwana wawo atatopa nawo anatuluka.

"Mayi, inu simunachotsedwe ntchito," anatero. "Wa kanthawi sachotsedwa, amangosiya kuitanidwa. Ndiye tizenge mlandu wanji?"

Akazi anga atandiuza zimenezi ndinapsa mtima moti ndinatenga mpeni kuti nkhukuyo ife tsiku lomwelo. Iwo anandiletsa, amvekere nkhuku ilibe mlandu, ndipo nayonso palibe amene waifunsa. Inatsala, inaikira, inaswa anapiye odzaza bwalo.

Akazi anga anayamba kugulitsa nandolo ndi tomato pamsika. Anthu ankanong'onezana akamadutsa, iwo n'kumangowapatsa moni. Chimene chinkandiwawa ine n'chakuti dzanja lawo silinaiwale ntchito. Ukawapatsa madzi pa tambula, ankayamba awakweza kudzuwa n'kuwayang'ana, kenako n'kukumbukira, n'kumwa mwakachetechete. Ndinkayang'ana kumbali.

Chaka chitatha, mayi wa ku Milepa uja anatipeza, atachita kufunsira njira pamsika. Anakhala pansi pakhomo, mapazi ali mbuu ndi fumbi, kanthu kena atakafungatira m'chitenje. Atapereka moni anadandaula kuti chitsime chija chinagumuka ndi mvula, anakumba china, ndipo ana akumwa madzi osayeza.

"Adokotala, mwatitayiranji?" anafunsa. "Ine ndakhala ndikuganiza, ndati kapena nkhuku ija inachepa."

Anafunyulula chitenjecho. Munali tambala wamkulu wakuda, womanga miyendo ndi luzi.

Akazi anga anandiyang'ana kamodzi kokha, ndipo ndinadziwa kuti nditseke pakamwa. Sanamuuze chilichonse. Anangomulangiza kuti madziwo aziwiritsa mpaka abwate, makamaka a ana. Kenako anagwada, n'kulandira tambalayo ndi manja awiri, n'kuthokoza. Anamuperekeza mlendoyo mpaka pamsewu, akuseka naye bwinobwino.

Pobwerera sanalowe m'nyumba. Ndinawapeza kuseri kwa khitchini atakhala padothi, akumasula luzi ku miyendo ya tambala uja, misozi ikugwera pa nthenga zake.