Jizi M'khoko la Chimanga: Mayeso a Damiyano Chisale ku Furankungo

Ndalemba nkhaniyi chifukwa aphunzitsi achinyamata a ku univerisidade, amene masiku ano ndimawalangiza za kayesedwe ka ophunzira, akhala akundifunsa chifukwa chake ndimaletsa oyesa kukambirana za khalidwe la munthu asanalembe nota yake, ndiye kuti malikisi amene akumupatsa. Ena amati ndi kuuma mutu chabe. Si choncho. Lamulo limenelo ndinaliphunzira ku Furankungo nthawi ya nkhondo, ndipo mwa akuluakulu amene analipo tsiku la mayeso a Damiyano Chisale, otsala ndi moyo ndife ochepa. Ndi bwino kuti zilembedwe ndi amene anaona, zisanayambe kukometseredwa ndi amene anangomva.

Ntchitoyo sindinaifunefune. Nditamaliza maphunziro ku Tete, anatisonkhanitsa n'kufunsa amene angapite ku Makanga, boma limene likulu lake ndi Furankungo, kukasula anthu ofuna kukhala aphunzitsi. Anzanga anayang'ana pansi. Wina anati ali ndi mphumu, wina anati amayi ake akudwala. Anasankha ine chifukwa ndimayankhula Chichewa ndipo ndinalibe mwana. Ndinapita pa koluna, ndiye kuti mdipiti wa magalimoto operekezedwa ndi asilikali, nditakhala pamwamba pa matumba a mchere.

Mkulu wa sikola yathu anali a diretoro Kampango, munthu wofatsa, wamantha pang'ono. Tsiku loyamba, ponditchula kuti kamarada, kutanthauza mnzanga, monga tinkatchulirana nthawi imeneyo, anandiuza mawu awa: "Kamarada, kuno phunzitsani zimene munaphunzira, koma musafunse munthu kumene wagona." Anali ndi chifukwa. A m'tchire, zigawenga zimene zinkamenyana ndi boma, ankasakasaka aphunzitsi m'midzi, ndipo pa boma aliyense ankakayikira mnzake kuti ndiye amanyamula mawu kupita kutchireko. Munthu ukagula mchere wambiri, zinkadziwika. Ukaseka tsiku limene koluna yawomberedwa, zinkadziwikanso.

Ntchito yanga monga furumadora, mphunzitsi wa aphunzitsi, inali kuphunzitsa njira za kaphunzitsidwe. Wophunzira aliyense ankalemba pulano ya phunziro: cholinga, zipangizo, ndondomeko, ndi njira yodziwira ngati ana amva. Lachisanu ndinkakhala nawo mmodzimmodzi kukonza mapulanowo. Ndinkawaphunzitsa kugawa kwaduru, lomwe ndi bolodi lakuda, m'zigawo zitatu, kulemba ataima cham'mbali kuti asaphimbe zolemba, ndi kufunsa funso asanatchule dzina la mwana kuti kalasi yonse iganize. Pamapeto pa maphunziro panali mayeso a kuphunzitsa pamaso pa oyesa atatu. Tinkayang'ana zinthu zinayi: kukonzekera, Chipwitikizi, kagwiritsidwe ka kwaduru, ndi zimene ana atolapo. Wopambana ankayenera kufika pa dezi, ndiye kuti khumi mwa makumi awiri, kwa oyesa awiri mwa atatuwo.

Mwa ophunzira anga panali Damiyano Chisale wa ku Chidzolomondo, bambo wa zaka ngati zanga zomwe, wosayankhulayankhula. Ndinamukayikira kuyambira sabata yoyamba kuti mwina ndi wa a m'tchire. Mapulano ake anali abwino kuposa a anzake, ngati a munthu amene anaphunzitsapo kwinakwake, koma iye ankati sanaphunzitsepo. Loweruka lililonse ankanyamula khasu n'kupita kwawo, njira imene ngakhale asilikali ankaiopa, n'kubwerako Lolemba alibe ndi chipsera chomwe. Komanso sankagwira jizi, choko cholembera pa kwaduru, ndi zala zake. Ankachikulunga m'khoko la chimanga, ndipo akamaliza kulemba ankathamangira kukasamba m'manja ndi mchenga, mpaka m'zikhadabo.

Ndinamufunsa Lachisanu lina. "A Chisale, kodi jizi amakuyabwani?"

"Ayi, kamarada furumadora."

"Nanga khokoli n'lachiyani? Zilembo zanu zikupindika ngati mapazi a nkhuku."

"Ndiyesetsa kuwongola," anatero.

Ndinamupatsa nthawi yapadera yoyeserera kulemba pa kwaduru anzake akaweruka, monga ndinkachitira ndi aliyense wofooka. Ankabwera mokhulupirika. Khokolo sanalisiye.

Tsiku la mayeso ake, oyesa tinali a Kampango ndi ine, ndipo wachitatu anali a Fabiyano Nkhoma ochokera ku ofesi ya boma, amene ankayang'aniranso nkhani za chitetezo. Anabwera ndi amilisiya awiri, anyamata a mfuti othandiza asilikali, chinthu chimene sichinachitikepo pa mayeso ena. Tisanalowe anandikokera pakhonde.

"Kamarada, munthu wanu wa khasuyu agwe pa mayeso lero."

"Sanayambe n'kuphunzitsa komwe," ndinatero.

"Inu ndinu mlendo kuno. Akadali wophunzira, a Kampango sangamupereke kwa ife popanda makalata a ku Tete, ndipo makalata a ku Tete mukuwadziwa mayendedwe ake. Akagwa, si wanunso. Anyamatawa ali ndi mafunso awo." Anamwetulira. "Inunso mumamukayikira. Aliyense akudziwa."

Zinali zoona, ndipo zinandiopsa kuti akudziwa. Ndinkadziwanso kuti amene ankatengedwa kukafunsidwa, ena ankabwerako osatha kuyenda, ena sankabwerako.

Phunziro linali la kuchotsera manambala, kwa ana a kalasi yachiwiri ya mayi Rozaliya Nambewe, amenenso analipo. Tinakhala kumbuyo pa benchi, ine pakati. Damiyano atalowa, ana anaimirira n'kunena pamodzi monga mwa mwambo wopatsa moni mphunzitsi m'Chipwitikizi, "Bom diya, kamarada purofesoro!" Iye anadzidzimuka ngati wapondedwa. Anawayankha motsitsa mawu, m'Chichewa: "Khalani pansi. Muzinditi amalume." A Nkhoma anandigunda ndi chigongono.

Analemba mutu wa phunziro pa kwaduru ndi jizi wake wa m'khoko, zilembo zopindika. Atayang'ana pazenera n'kuona amilisiya aja, jizi anamupulumuka n'kugwa. Sanamutole. Anauza ana kuti akankhire mabenchi kumbali akhale mozungulira pansi, pakuti pansi pa chipindacho panali dothi. Anagawa nyemba kwa mwana aliyense. Ankanena samu, ana n'kuwerenga nyemba, n'kuchotsa, n'kulemba yankho padothi ndi chala. Iye ankayenda kuona yankho la aliyense, ndipo wolakwa ankamunong'oneza kuti awerengenso. Akamaliza samu imodzi ankati, "Mapazi!" Ana onse ankafufuta ndi mapazi mpaka padothi posaoneka kanthu. Nthawi yonseyi nkhope yake inali kuchitseko, osati kwa ana. Chipwitikizi anachiyankhula pa manambala pokha.

A Nkhoma anaimirira. "Basi! Umu ndi mmene amaphunzitsira ku misasa ya kutchire. Iwe, anakuphunzitsa ndani zimenezi?"

Mawu anga anatuluka ndisanawakonze. "Kamarada Nkhoma, khalani pansi. Mafunso a oyesa amabwera phunziro likatha. Ndi lamulo, ndipo munalisayinira."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anakhala. A Kampango ankangopukuta magalasi awo.

Phunziro litatha ndinachita gawo langa. Ndinatola jizi uja, ndinalemba pa kwaduru masamu atsopano amene Damiyano sanawaphunzitse, n'kuitana ana amene ndinawasankha ndekha, makamaka a kumbuyo ndi amene sanakweze dzanja. Ambiri anapeza. Kamtsikana kena kanalakwa, kanayang'ana zala zake, kanafufuta n'kukonza kokha. Tinatulutsa ana.

"Tsopano funsani," ndinauza a Nkhoma.

"Unaphunzitsapo kuti?"

Damiyano anayankha ataima chilili. "Kwathu. Loweruka ndi Lamulungu ndimasonkhanitsa ana kuseri kwa chigafa cha fodya. Sikola anaiwotcha."

"Ndiye unanama kuti sunaphunzitsepo."

"Ndinanama, inde. Kwathu ukanena kuti ndiwe mphunzitsi, wadzikumbira manda. A m'tchire akakupeza panjira amayamba n'kuyang'ana m'manja. Akapeza zoyera m'zikhadabo, safunsanso. A purofesoro athu anawapeza nazo." Kenako anawonjezera kuti, "Mwana akazolowera kunena kuti purofesoro, adzanena tsiku lolakwika."

"Nkhani yokoma," anatero a Nkhoma. "Nanga njira ya ku Chidzolomondo amakutsegulira ndani? Khasu lako lili ndi mankhwala?"

"Amaona mlimi."

"Sabata iliyonse? Alimi ena onse amawagwira kukasenza katundu, iwe wekha amakugwadira?"

Ndinadikira kuti Damiyano ayankhe, ndipo ndinkafunitsitsa kuti ayankhe, koma anangoyang'ana chitseko. A Nkhoma anamuuza kuti akadikire panja, pakati pa amilisiya aja.

A Nkhoma analemba zero osaganiza n'komwe. Ine ndinapita gawo ndi gawo. Kukonzekera kunali kwabwino. Chipwitikizi chinali chosakwanira. Pa kwaduru sindinamupatse kanthu, pakuti analithawa, ndipo mphunzitsi woyang'ana chitseko ndi wolakwa ngakhale atakhala ndi chifukwa. Koma ana anamva, ndipo gawo limenelo ndilo linali lolemera kuposa onse. Zonse pamodzi zinakwana onze, khumi ndi imodzi. Ndinawerengeranso kuti ndione ngati chifundo chalowamo. Sichinalowemo. Ndikanapeza zisanu ndi zinayi ndikanalemba zomwezo, ndipo chimenechi chimandizizira mpaka lero.

Panatsala a Kampango. Cholembera chawo chinali m'mwamba.

"Kamarada furumadora," anatero motsitsa mawu, "mukutsimikiza kuti munthuyu si wa a m'tchire?"

"Sindikutsimikiza, a diretoro. Mwina ndi wawo. Chimene ndikutsimikiza n'chakuti ana aja achotsera bwino. Pepalali likufunsa zimenezo. Ngati a Nkhoma ali ndi mlandu, aulembe pa pepala lawo, asayine dzina lawo, autumize ku Tete."

"Mwamva?" anatero a Nkhoma. "Mtsikana wa dzulodzulo akutiphunzitsa ntchito."

A Kampango anavala magalasi, anayang'ana masamu a ana amene anali akadali pa kwaduru, ndipo analemba dezi.

A Nkhoma sanalembe mlandu uliwonse. Anachoka ndi amilisiya awo osatsanzika. Damiyano anapatsidwa malo pa sikola ina pafupi ndi boma, ndipo sanabwere kudzandithokoza, chimene ndinachiona kukhala choyenera. Ine ndinayamba kupeza munthu ataima pafupi ndi nyumba yanga m'mawa uliwonse, ndipo amayi amene ankandigulitsa mbatata anasiya kundipatsa moni. Chaka chisanathe anandisamutsira ku Ntengo-Wambalame, m'boma la Tsangano, popanda kundiuza chifukwa. Nkhondo itakula, Damiyano anawolokera ku Malawi pamodzi ndi anthu ambiri. Ena amati anaphunzitsa ana a othawa nkhondo kumeneko. Ena amati anamuona kwina, ali ndi anthu ena. Sindinapeze choona.

Chimene ndinasunga ndi ichi. Woyesa amakhala ndi zokayikira zake monga munthu aliyense, ndipo nthawi zina zimakhala zoona. Koma nota ndi umboni wa zimene waona m'chipinda, ndipo ukailola kunyamula mlandu wina, tsiku lina idzapha munthu popanda wina kusayina dzina lake. Lero mlanduwo umakhala wakuti wophunzira ndi wamwano, kapena ndi wa chipani china, kapena anakana zinazake. Wokukokera pakhonde amakhalapo nthawi zonse.

Amene analipo tsikulo ndi awa:

A diretoro Ziyaya Kampango, woyesa woyamba, malemu.

A Fabiyano Nkhoma a ku ofesi ya boma, woyesa wachitatu, malemu.

Amilisiya awiri amene anaima pazenera, amene maina awo sindinauzidwe.

Ana a kalasi yachiwiri ya m'mawa, pamodzi ndi mphunzitsi wawo, mayi Rozaliya Nambewe, amene ali moyo ndipo angachitire umboni.

Damiyano Chisale wa ku Chidzolomondo, woyesedwa, amene anapambana.

Ndi ine, Perpetuwa Nabanda, woyesa wachiwiri, amene ndinamupatsa onze ndipo ndimamukayikirabe.