Isidoro Woyera Pakati pa Mabelo a Fodya

Ndinanyamuka pa boma la Kasungu dzuwa litangotuluka, nditanyamula munthu woyera m'chiguduli. Katchalitchi kathu ku Simlemba kali m'dzina la Isidoro Woyera, nkhoswe ya alimi, koma zaka zonsezi tinkangomutchula, nkhope yake osaidziwa. Chaka chino akhristu tinasonkherana n'kuitanitsa chiboliboli chake, ndipo anatuma ine kukachitenga kuti mawa lake, pa chikondwerero chake, ansembe adzachidalitse. Chikasweka, ine kumudzi ndikalowera pati?

Alamu anga a pa boma, kumene ndinagona, akalambira pa ntchito yosoka mabelo a fodya. Anachikuta ndi udzu, n'kuchisokera m'chiguduli, ngodya zonse bwinobwino. "Mlamu, ichi ngakhale chigwe pa lole sichingasweke," anatero monyadira. Kunena zoona, chinangokhala kabelo kakang'ono.

Mu minibasi kondakitala analandira zikwi zisanu zanga, akadali chitambasulire dzanja.

"Mayi, kabeloka kalipiridwenso."

"Si fodya ameneyu, ndi woyera."

"Oyera nawonso petulo amatha."

Ndinalipira mokwiya, n'kumufungatira pamiyendo. M'njira monse zigafa zinali mbee, fodya atachoka kale.

Ndinatsika pa Chatoloma masana, mikono itachita dzanzi. Ndinatula katundu wanga pakhonde la sitolo ya Che Yusufu, Msilamu wogulitsa feteleza ndi malata, pambali pa mabelo a anthu oyembekezera galimoto. Ndinati ndingothamangira mbatata yootcha ndi kufunsa mtengo wa kabaza. Pobwera, pakhonde panali mbee. Mabelo kulibe, Isidoro kulibe. Mbatata inandigwa m'manja.

"Lole yatenga zonse, mayi, ikupita ku okushoni," anatero Che Yusufu. Ndinawafotokozera chimene chinali m'kabelo kanga kaja. "Ife ziboliboli sitisunga, koma chatayika pakhonde panga." Anaimbira dalaivala, foni osayankha. Anasiyira akazi awo sitolo n'kuliza njinga yamoto. Ine kumbuyo ndinkangopempha Isidoro kuti adzisamale yekha, poti ine ndinali nditalephera.

Tinaipeza loleyo itaima m'mbali mwa msewu, ikukweza mabelo ena. Anthu anali ataunjikana pansi, wina mpeni uli m'manja.

Dalaivala ndiye anafotokoza. Posanja katundu anapeza kabelo kopanda nambala, kolimba m'kati. Onse anaganiza chimodzi: wina wabisa miyala mu fodya kuti alemere pa sikelo, chinyengo chimene chimanyozetsa alimi onse ku msika. Mmodzi anafuna kukaponya pa phula kuti miyalayo ioneke. Mnzake anati ayambe ang'amba. Atang'amba, anakumana ndi nkhope ya ndevu ikuwayang'ana.

Bambo wa mpeni uja anali atavula chipewa. "Pepani mayi, ine ndine wa mpingo wina, koma thukuta landituluka."

Ndinagwada n'kupapasa. Mutu ulipo, manja onse alipo, khasu lake lilipo. Ndinakhala pansi pafumbi pomwepo n'kuyamba kuseka, misozi ikutsika. Che Yusufu anandibweza pa Chatoloma, ndalama ya petulo anakana, anangoti ulendo wina woyera ndizimubereka kumbuyo. Ndinamuberekadi ndi chitenje pa kabaza, njira yafumbi yonse mpaka kwathu.

Ndinafika dzuwa likulowa, azimayi akusesa m'tchalitchi. Ndaphunzira kuti kuno kwathu chilichonse chovala chiguduli ndi fodya mpaka wina atang'amba. Tinamasula Isidoro n'kumuimika kutsogolo. Mayi Nabanda, amene amatsogolera nyimbo, anasendera pafupi, ananunkhiza, n'kukwinya mphuno.

"Koma oyerawa akununkha fodya."

Ndinafuna kutunga madzi kuti timupukute, koma iwo anandigwira mkono.

"Musiyeni. Akanabwera akununkhira sopo, tikanadziwa bwanji kuti ndi mlimi mnzathu?"