Gauni ya kusukulu ya mkaka

Dzina la mlongo wanga wamng'ono litatchulidwa pa wailesi kuti wasankhidwa kupita ku yunivesite, mzere wathu wonse ku Area 23 unakhoza mayeso tsiku lomwelo. Amayi ogulitsa makala anayamba kumutchula a Injiniya, munthu asanagule n'komwe sutikesi. Ine ndi kasatifiketi kanga ka usekilitale ndinasanduka "achemwali awo a Injiniya".

Chaka chachiwiri anabwera pakati pa temu, kolala ya shati ikumusefukira m'khosi. Kulankhula ayi. Ankangokhala pa njerwa kuseri kwa nyumba, maso ali pa mpanda. Amayi athu anapeza msanga chouza anthu: "Mabuku amuchulukira m'mutu." Ankanena monyadira ndithu, poti kwathu kudwala nzeru kuli ndi ulemu kuposa kulephera. Kotunga madzi madokotala anali mbwee. Wina akuti ndi chamba, wina am'lodza akumudzi, wina pali mkazi pamenepa. Womufunsa mwini wake panalibe.

Ine ndinali nditatsegula yunivesite yangayanga. Mwana wanga wamkazi, amene ankavalabe nsapato mosemphanitsa, anasankhidwa kusukulu ya mkaka kuti adzalakatule ndakatulo ya Chingerezi pa galaduweshoni, atavala gauni ndi chipewa cha makona anayi. Ine ndine wamantha chibadwire. Mtima unkangoti: mmodzi wagwa kale, banja lisachite manyazi kawiri. Ndiye ndakatulo posamba, ndakatulo pa phala, ndakatulo panjira. Akaphonya liwu, tiyambirenso. Mwana anayamba kukana phala, m'mawa uliwonse akuti m'mimba. Ndinam'mwetsa mankhwala a njoka.

M'mawa wa tsikulo ndinasita gauni bwinobwino, koma woivala osaoneka. Ndinakamupeza kuseri, atakhala pa njerwa pambali pa amalume ake, onse awiri akuyang'ana mpanda ngati odikira minibasi imodzi.

"Iwe, dzuka, tachedwa! Tayamba ndimve. Gudu moning'i..."

"Achemwali, musiyeni."

Ndinacheuka kufuna amene walankhula. Mawu a mlongo wanga ndinali nditawaiwala.

"Inenso zinayambira m'mimba," anatero. "Akangoika pepala la mayeso patsogolo panga, zonse ndinawerenga zathawa. Ndikati ndiimbe foni kunyumba, ndinkakumbukira kuti kuno ndine injiniya kale. Injiniya amalira?"

Mwana uja anali atagwira chala cha amalume ake zolimba, osandiyang'ana.

Amayi anatulukira atavala chitenje chatsopano, chomwe anagulira mwambowo. Ataona ndikupinda gauni anagwira pakamwa.

"Iii! Simupita? Nanga anthu akati chiyani?"

"Anthu ake omwewa a kotunga madzi, Amayi? Asowa chonena liti?"

Sitinapite. Amayi anakhala ndi chitenje chawo pakhonde tsiku lonse, akuuza odutsa kuti mdzukulu nayenso mabuku amuchulukira.

Sabata yotsatira ndinaperekeza mlongo wanga kuchipatala. Kumeneko anachita chinthu chachilendo: anamufunsa iye mwini, n'kudikira yankho. Anati ndi matenda a nkhawa, ndipo anthu amachira. Anachira pang'onopang'ono, ife tikuphunzira kumutchula dzina lake.

Ndakatulo ija mwana uja anailakatula ndithu, madzulo a tsiku la galaduweshoni lomwelo, yonse, osaphonya liwu. Omvera zinali nkhuku za aneba, zikujompha madeya m'chipewa cha makona anayi chija.